Miyezi 6, bere lokha: lamuloli linachokera kuti?

Pali mawu amene mayi aliyense woyembekezera m'Malawi muno amawamva kambirimbiri asanachire: mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, osam'patsa madzi, osam'patsa phala, osam'patsa tiyi kapena zitsamba. Mawuwa ali pa makoma a ku sikelo, ali m'nyimbo zimene amayi amaimba pa benchi podikira anamwino, ali pa wailesi. Achipatala anawapezeranso dzina lake, kuyamwitsa mwakathithi. Mmene amanenedwera motsindika, munthu akhoza kuyesa kuti lamuloli linabwera pamodzi ndi chipatala choyamba cha amishoni. Ayi ndithu. Bungwe la WHO linakhazikitsa miyezi 6 imeneyi mu 2001. Ineyo amene ndikulembane ndine wamkulu kuposa lamuloli, chonsecho zaka 30 sindinazikwanitse n'komwe.

Ndili pa msinkhu umene anzanga a ku yunivesite ayamba kutumizirana zithunzi za makanda, ndipo dandaulo limene limabwera kawirikawiri ndi limodzi. Anamwino anati bere lokha. Apongozi abwera kuchokera kumudzi kudzathandiza chikuta. Mwana walira usiku wonse, kukucha apongozi ali kale pa mbaula, akutakasa kaphala. Ukati ulankhule, funso lake n'loti, "Nanga amuna anuwa ndinawalera ndi chiyani? Anafa?" Ndi digiri yako yomweyo umangoti kukamwa yasa. Ndiye ndinati ndifufuze kumene malangizowa anachokera, chifukwa lamulo limene sudziwa chiyambi chake n'lovuta kuliikira kumbuyo pamaso pa munthu amene analera ana 7.

Tiyambe ndi kuwapatsa ulemu wawo makolowo. Iwo bere sankalinyozera. Mwana ankayamwa zaka ziwiri, wina kupitirira, ali kumbuyo kwa mayi ake kumunda, pamtondo, kumadzi. Akangoti ng'aa, am'tembenuzira kutsogolo. Analinso ndi malamulo okhwima oteteza nthawi yoyamwayo. Mayi ndi khanda ankabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Bambo ndi mayi sankakhala malo amodzi mpaka anamkungwi atawalangiza za kutenga mwana, ndipo wophwanya mwambowu ankaopa kuti mwana adwala tsempho. Tikhoza kuseka zoti mayi asathire mchere m'ndiwo ndi zina zotero, koma taonani zotsatira zake: mimba yotsatira inkachedwerako, mwana n'kuyamwa mokwanira. Zikalephereka, chinenero chathu chinali ndi mawu ake okonzeka kale. Kubereka mothinana timati kutumbiza. Mwana amene walandidwa bere mwadzidzidzi chifukwa mayi ake aimanso, n'kuyamba kutupa mapazi ndi masaya, tsitsi kufiira n'kumathothoka, kukhala wolobodoka wosafuna kusewera, anthu ankadziwa kuti watumbidwa. Anthu sapereka dzina kwa chinthu chimene sanachione kambirimbiri.

Pamene makolo ankasiyana ndi za lero ndi pa masabata oyambirira. Khanda linkamwetsedwa madzi poti kunja kwatentha, madzi a zitsamba poti liwombo litseke bwino, ndi phala lamadzimadzi poti likalira ndiye kuti lili ndi njala. M'madera ena mkaka woyamba wachikasu uja, chithuwi, unkafinyidwira pansi poti ngwakuda. Lero tikudziwa kuti timadontho timeneto ndi timene tadzaza ndi chitetezo, n'chifukwa chake anamwino amafuna mwana aikidwe pa bere ola loyamba lisanathe.

Kuti timvetse mmene achipatala analowera m'nkhaniyi, tichoke kuno pang'ono tipite ku Ghana, imene nthawi ya atsamunda inkatchedwa Gold Coast. Mu 1929 kunafika dokotala wachizimayi, Cicely Williams, wobadwira ku Jamaica, mmodzi mwa akazi oyambirira kuphunzira udokotala ku Oxford. Ku chipatala cha ana ku Accra ankalandira ana ongosiya kumene kuyamwa, otupa thupi, khungu losupuka ngati apsa ndi moto, ambiri mwa iwo akudya phala la chimanga lokhalokha. M'mabuku amene anaphunzira munalibe matenda otere. Iye anachita chinthu chimene madokotala achitsamunda sankachichita kawirikawiri: anafunsa eni dziko kuti matendawa amawatcha chiyani. M'chinenero cha Ga anamuuza kuti kwashiorkor, kutanthauza nthenda imene mwana amadwala akalandidwa malo ndi mng'ono wake. Analemba za matendawa mu 1933, ndipo mu 1935 anafalitsa dzinalo m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Nditawerenga tanthauzolo ndinaseka ndekha. Si kutumbidwa kumeneku? Amayi a ku Accra ndi agogo athu a ku Dedza anali atafika pa mfundo imodzi osaonanapo, madokotala a ku London asanailembe n'komwe.

Amene anamutsutsa kwambiri Williams anali munthu wolidziwa bwino dziko lathu lino. Hugh Stannus anagwirapo ntchito ya udokotala mu Nyasaland nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ndipo anatchuka polemba za pellagra, nthenda yowononga khungu imene anaipeza pakati pa akaidi ku ndende ya Zomba. Kwa iye, zimene ankaona mayiyo zinali pellagra yemweyo, kungoti wagwira ana. Anakangana m'magazini, katswiri wotchuka wa ku London ndi mkazi wa pa chipatala cha kutali, ndipo simungavutike kulota amene akuluakulu anamumvera. Mu 1936 Williams anasamutsidwira ku Malaya. Koma pofika 1952, lipoti la WHO ndi FAO lokhudza ana a mu Africa linali kutchula matendawa ndi dzina lomwe lija la amayi a ku Accra. Chimene chimayambitsa kutupako akatswiri akukanganabe mpaka lero. Kwa zaka zambiri ankati ndi kusowa zakudya zomanga thupi basi, koma kafukufuku wa mapasa a kuno ku Malawi amene anatuluka mu 2013 anasonyeza kuti mapasa odyera mbale imodzi, wina amatha kutupa wina ayi, ndipo tizilombo tokhala m'matumbo tili ndi gawo lake pa zimenezi.

Ku Malaya Williams anakapeza vuto la mtundu wina. Makampani a mkaka wa m'chitini ankatuma atsikana ovala ngati anamwino kuyenda m'makomo mwa anthu osauka, kuuza amayi kuti mkaka wotsekemera wa kondensi ndi wabwino kwa khanda. Mu 1939 anaima pamaso pa akuluakulu a bizinesi ku Rotary Club ya ku Singapore n'kulankhula pa mutu wakuti Milk and Murder, kuyerekeza malonda otere ndi kupha. Sizinasinthe zambiri. Nkhondo inabwera, iyenso anatsekeredwa ndi asilikali a Japan ku ndende ya Changi, malondawo n'kupitirira kukula mu Asia ndi mu Africa.

Vuto la botolo silovuta kulimvetsa. Limafuna madzi owiritsa nthawi iliyonse, makala owiritsira, ndi ndalama zogulira chitini china chikatha. Ndalama zikachepa mayi amachepetsa masipuni n'kuchulukitsa madzi. Pamene akuchita zimenezi bere lake likuuma, chifukwa bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira. Akasiya kukoka, nalonso limaleka. Pakutha pa mwezi mayi alibe chitini, alibe bere, mwana akutsekula m'mimba. Mu 1974 bungwe la ku Britain la War on Want linatulutsa kabuku kotchedwa The Baby Killer, mu 1977 anthu ku America anayamba kunyanyala katundu wa Nestlé, ndipo mu 1981 msonkhano waukulu wa WHO unavomereza malamulo oletsa kutsatsa mkaka wa makanda mwachisawawa. Maiko 118 anavomera, United States yokha ndiyo inakana. Mukaona pa chitini mu shopu atalemba kuti bere ndiye labwino koposa, musayese kuti ndi kukoma mtima kwa kampani. Anachita kukakamizidwa.

Sikelo imene timaidziwayi nayonso ili ndi kwawo. Dokotala wa ku Britain, David Morley, akugwira ntchito m'mudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndiye anatchukitsa chipatala cha ana osapitirira zaka 5 ndi khadi la mizere yokwera lija, limene mayi amasunga yekha kunyumba. Nzeru yake inali yoti mwana amene wasiya kukula amaonekera pa khadi kudakali nthawi, maso asanazindikire. Njirayi inafalikira maiko ambiri, kuno inakhazikika mpaka chipatala chonse cha amayi ndi ana tinangochitcha dzina la chipangizo chopimira. Kunabweranso Likuni Phala, wotenga dzina ku mishoni ya Likuni, ndi maphunziro ophika phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Za kulera zokha boma la Kamuzu linazikana kwa nthawi yaitali mpaka 1982, ndipo pozilola linadzera pa mfundo yomwe ija ya anamkungwi, yoti mayi asatumbize.

Apa ndi pamene ndikufuna anzanga mutchere khutu. Pa zaka zonsezi, malangizo a kuchipatala sanali a miyezi 6. Ngakhale chikalata chotchuka cha Innocenti, chimene maiko anagwirizana ku Florence mu 1990, chinkati miyezi 4 mpaka 6. Choncho apongozi anu akamati phala anayambitsa pa miyezi 4 ndipo anawauza ndi anamwino, sakunama. Anawauzadi. Kungoti ambiri sankafika n'komwe pa miyezi 4 imeneyo. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mwa makanda 100 aliwonse m'dziko muno, oyamwa bere lokha sankakwana ngakhale 5. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse. Sindikunena kuti onsewo anaphedwa ndi phala. Malungo, chikuku, chibayo ndi umphawi zinali pompo. Koma funso lija loti "Anafa?" limaloza amene anapulumuka okha. Tsiku lina mitima ili m'malo, dzawafunseni mwaulemu kuti anabereka angati ndipo atsala angati. Mabanja ambiri ali ndi mayina amene satchulidwanso.

Chimene chinasuntha akatswiri kuchoka pa 4 kufika pa 6 ndi umboni umene unaunjikana pang'onopang'ono. Ku Brazil, Cesar Victora ndi anzake anasonyeza mu 1987 kuti khanda losayamwa konse linali pa chiopsezo chofa ndi kutsekula m'mimba kuwirikiza ka 14 poyerekeza ndi loyamwa bere lokha, pamene losakaniza bere ndi mkaka wina linali pa ka 4. Ena anapima makanda a m'maiko otentha n'kupeza kuti safuna madzi apadera, pakuti mkaka wa m'mawere pawokha ndi madzi pafupifupi magawo 88 pa 100. Ku Honduras anayerekeza ana oyamba chakudya pa miyezi 4 ndi oyamba pa miyezi 6, ndipo oyamba msangawo sanakule kuposa anzawo. Chakudyacho chinkangolanda malo a mkaka. Kamimba ka khanda n'kakang'ono. Ukakadzaza ndi phala la ufa woyera, lomwe ndi ufa ndi madzi basi, wachotsa chakudya champhamvu n'kuikapo chofooka, n'kuwonjezerapo tizilombo ta m'kapu ndi m'ndowa.

Nthawi yomweyo Edzi inali itafika, ndipo apa achipatala nawonso anapunthwa. Wodwala woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, chaka chomwecho madokotala anazindikira kuti kachilombo kamatha kudzera mu mkaka wa m'mawere. Maiko olemera anangoti mayi amene ali ndi kachilombo asayamwitse, nkhani yatha. Kuno zimenezo zinali zosatheka kwa ambiri, ndiye malangizo a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anakhala a pawiri: ngati ungakwanitse mkaka wogula, madzi abwino ndi zonse, usayamwitse, ngati sungakwanitse, yamwitsa mwakathithi kenako usiyitse msanga, mwachangu, pofika miyezi 6. Taganizirani zimenezi m'mudzi mmene mwana aliyense amayamwa zaka ziwiri. Mayi wochotsa mwana pa bere pa miyezi 6 anali ngati wadzilengeza yekha pa bwalo la mfumu. Ena poopa miseche ankayamwitsa pagulu n'kumapereka zina kunyumba, kumene ndi kusakaniza komwe kafukufuku wa Anna Coutsoudis ku Durban anali atasonyeza kale mu 1999 kuti kumapatsira kachilombo kwambiri kuposa bere lokha.

Mtengo wa malangizowa unaoneka msanga. Ku Botswana boma linkagawa mkaka wa m'chitini ulele kwa amayi oterewa; mvula yamphamvu itaononga madzi kumayambiriro kwa 2006, ana mazana angapo anafa ndi kutsekula m'mimba, ndipo ambiri mwa iwo anali osayamwa. Ku Lusaka, kafukufuku amene anatuluka mu 2008 anapeza kuti kusiyitsa mwana mwadzidzidzi pa miyezi 4 sikunachulukitse ana okhala ndi moyo opanda kachilombo, ndipo amene anali atakatenga kale anafa msanga chifukwa chosiya bere. Tisabise mawu: malangizo a anthu ophunzira, a zolinga zabwino ndithu, anali kupanga ana otumbidwa popanda mimba yachiwiri.

Gawo lalikulu la yankho linapezeka konkuno. Kafukufuku wa PEPI ku Blantyre mu 2008 ndi wa BAN ku Lilongwe mu 2010 anasonyeza kuti ma ARV, kaya amwe mayi kaya khanda, amachepetsa kwambiri kupatsirana nthawi yoyamwitsa. WHO inasintha malangizo mu 2010: mayi ayamwitse, mankhwala ateteze. Koma njira zimene inapereka zinkafuna kuti mayi ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi, CD4 ija, pamene makina ake m'zipatala zazing'ono za kumidzi kunalibe. Unduna wa zaumoyo kuno unaganiza zodumpha sitepe imeneyo. Kuyambira July 2011, mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo anayamba kulandira ma ARV a moyo wake wonse, osadikira makina. Anaitcha Option B+, ndipo Malawi ndiye anali woyamba. Amayi oyamba mankhwala anachoka pa 1,257 m'miyezi itatu njirayi isanayambe kufika pa 10,663 m'miyezi itatu ya July mpaka September 2012. Akatswiri ena akunja anakayikira, ndipo mavuto analipodi. Kuuzidwa kuti uli ndi kachilombo m'mawa n'kupatsidwa botolo la mankhwala masana omwewo si chinthu chapafupi, amayi ena sanabwererenso. Komabe mu 2013 WHO inaika njirayi m'malangizo ake a dziko lonse. Ndi kangati pamene Lilongwe amaphunzitsa Geneva? Ine nkhaniyi sindinaimvepo m'kalasi iliyonse ya mbiri imene ndinakhalamo, ndipo zimandiwawa.

Ndiye mnzanga wa khanda la masabata awiri ndimamuuza chiyani? Kuti kulira kokha si umboni wa njala. Mwana amene akuyamwa ka 8 kapena kupitirira usana ndi usiku, akunyowetsa matewera osachepera 6 patsiku, ndipo mzere wake pa khadi ukukwera, ameneyo akukhuta. Liwombo likalowa m'kati, makamaka mwana akamatsekula kapena kusanza, ndi chizindikiro choti madzi achepa m'thupi. Ameneyo ngwa kuchipatala tsiku lomwelo, osati wopaka zitsamba pamutu. Ndipo miyezi 6 ikakwana, apongozi abwezeredwe mthiko wawo ndi manja awiri. Phala likhale lolimbako, losayenderera pa sipuni, muli nsinjiro, usipa wosinja, dzira, masamba kapena kamafuta pang'ono, bere likupitirira mpaka zaka ziwiri. Pa zaka ziwiri zimenezi agogo sanasinthepo mawu chiyambire. Ndi achipatala amene anazungulira n'kudzawapeza pomwe anali.

Ziwerengero zimasonyeza kuti uthenga unamveka. Oyamwa bere lokha anafika 71 pa 100 mu 2010, ndipo imfa za ana osakwana zaka 5 zinatsika kufika 63 pa 1,000 mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Koma kafukufuku yemweyo anapeza kuti kuyamwitsa mwakathithi kwabwerera m'mbuyo kufika 61 pa 100, ndipo ine sindikhulupirira kuti wolakwa ndi apongozi okha. Tatsegulani lamulo la ntchito la 2000. Limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata 8, kamodzi pa zaka zitatu. Mu 2021 anawonjezeramo masabata awiri a bambo ndi mpata woti mayi azikayamwitsa kwa theka la ola kawiri patsiku. Theka la ola likhoza kumuthandiza amene amakhala kuseri kwa ofesi, koma osati amene amagwira ntchito mu shopu ku Limbe akukhala ku Chirimba, minibasi ziwiri. Anamwino amalangiza kufinyira mkaka m'kapu yoyera yovundikira, ndipo pamalo pozizira bwino umatha kukhala maola 4 popanda firiji, pamene tsiku la ntchito pamodzi ndi ulendo limapitirira maola 10. Mayi wa kumunda ndi wogulitsa tomato mwana ali naye kumbuyo. Amene wapanikizika ndi wantchito wa m'nyumba, wa mu shopu, wa ku fakitale, ndi anzanga a m'maofesi omwewa. Miyezi 6 ndi masabata 26. Tikachotsapo 8 a tchuthi, atsala 18, ndipo pa masabata 18 amenewo khanda limatsala kunyumba ndi apongozi, ndi mbaula.